Mfuti Yosaoneka pa Chikwangwani: Zida ndi Ndale m'Makomboni a Lusaka

Pa zikwangwani za kampeni zimene zimamatidwa pa makoma a timaokala totchedwa tuntemba, pa mitengo ya magetsi ndi kumbuyo kwa maminibasi m'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, nkovuta kupezapo chithunzi cha wopikisana pa chisankho atanyamula mfuti, pakuti chimene chimaoneka kawirikawiri ndi nkhope yomwetulira, suti kapena chitenje, ndi chizindikiro cha chipani, kaya bwato la Patriotic Front (PF), dzanja lotambasula la United Party for National Development (UPND), kapena wotchi imene Movement for Multiparty Democracy (MMD) idalowa nayo m'boma mu 1991. Komabe kusowa kwa mfuti pa pepala sikutanthauza kuti chida chilibe malo m'ndale za makomboniwa, chifukwa chithunzi cha chida chidapeza njira zina zofikira m'maso mwa ovota: chidadzera m'zovala zachisilikali za anyamata a zipani, m'maudindo a nkhondo amene anyamatawo adadzipatsa, m'zikwanje zonyamulidwa masanasana, ndiponso m'zithunzi ndi mavidiyo oyenda pa Facebook ndi WhatsApp. Uthenga wa chithunzi chimenechi ngosiyana kotheratu ndi umene mfuti imapereka m'kampeni za mayiko ena, ndipo kusiyanako ndi kumene kumaulula matenda enieni a ndale za mumzindawu.

Dziko limene mfuti idakhazikika ngati chokopera mavoti ndi United States, kumene ndime yachiwiri mwa zimene zidaonjezedwa ku malamulo aakulu a dzikolo mu 1791 imateteza ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida, ndipo mu 2008 khoti lalikulu lidagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu aliyense payekha, osati wa gulu la asilikali lokha. Kumeneko wandale akajambulitsa ndi mfuti amakhala akuuza ovota kuti iye ndi mnzawo ndipo sadzalola boma kuwalanda zida zawo. Joe Manchin, popikisana pa mpando wa seneta mu 2010, adaonetsedwa pa wailesi yakanema akuwombera pepala la lamulo limene ankatsutsana nalo. Brian Kemp, pofuna ubwanamkubwa wa Georgia mu 2018, adajambulitsa atagwira mfuti pafupi ndi mnyamata wina. Ndipo mu Disembala 2021 phungu Thomas Massie adafalitsa chithunzi cha Khirisimasi cha banja lake lonse litanyamula mfuti, patangopita masiku ochepa ana asukulu ataphedwa ndi mfuti ku Michigan. Bungwe la Small Arms Survey lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba a ku United States anali ndi mfuti pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse, pamene ku Zambia inali pafupifupi mfuti imodzi pa anthu 100.

Ku Zambia kulibe ufulu wotere. Gawo lachitatu la malamulo aakulu a dziko, limene limandandalika maufulu a nzika monga ufulu wa moyo, wolankhula, wosonkhana ndi wopembedza, silitchula mfuti paliponse, ndipo ngakhale mndandanda watsopano wa maufulu umene udaperekedwa kwa anthu pa referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, n'kulephera chifukwa ovomereza sadakwane chiwerengero chofunika, sudafune kuonjezapo ufulu wa zida. Kukhala ndi mfuti ndi chilolezo chabe, chimene boma limapereka ndipo likhoza kuchilanda, motsatira lamulo lotchedwa Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a dzikolo, lomwe limafuna kuti wopempha akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, afufuzidwe ndi apolisi, apatsidwe laisensi, ndiponso kuti mfutiyo ilembedwe m'kaundula. Kwa mayi wogulitsa tomato pa msika wa Mtendere kapena mnyamata wowotcherera mageti m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, mtengo wa mfuti ndi ndondomeko ya mapepala ake ndi zinthu zakutali, ndipo palibe chipani chachikulu chimene chidaikapo lonjezo lofewetsa lamulo la mfuti patsogolo pa kampeni yake, poti anthu a m'makomboni amafunsa za mtengo wa ufa, madzi a pampopi, ngalande, magetsi ndi ntchito.

Mbiri ya dziko nayonso idathandiza kuti mfuti isalowe m'zizindikiro zaulemu. Mozambique, imene idapeza ufulu itamenya nkhondo, idaika mfuti ya AK-47 pa mbendera yake, ndipo chidindo cha boma la Zimbabwe chili ndi mfuti yopingasana ndi khasu. Koma chidindo cha Zambia, imene idadzilamulira pa 24 Okutobala 1964 popanda nkhondo ya m'tchire, chili ndi nkhwazi pamwamba pa khasu ndi piki, ndipo chipilala cha ufulu cha mu Lusaka chimaonetsa mwamuna akudula maunyolo ndi manja ake, wopanda chida chilichonse. Sikuti anthu a mumzindawu sadaidziwe mfuti ya nkhondo, chifukwa Lusaka idasunga likulu la African National Congress ya ku South Africa ndi omenyera ufulu a ZAPU ochokera ku Rhodesia, ndipo asilikali a Rhodesia adaphulitsa kampu ya Chikumbi mu Okutobala 1978 n'kudzaukira nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, mkati mwa mzinda mu Epulo 1979. Anthu adaiona mfuti ngati katundu wa alendo othawa nkhondo, wa boma, kapena wa mbava za usiku, ndipo palibe mwa atatuwa amene wopempha voti akadafuna kufanana naye pa chikwangwani.

Njira imene chida chidalowera m'ndale iyenera kufunidwa m'mbiri ya makomboni eniakewo. Mawu akuti komboni adachokera ku malo a m'mafamu ndi m'makwale a azungu kumene antchito ankaloledwa kumanga timisasa, n'chifukwa chake madera ena, monga George, John Laing ndi John Howard, adakali ndi maina a eni malo akalewo. Popeza khonsolo ya mzinda idatenga nthawi yaitali isanavomereze kuti maderawa ndi mbali ya Lusaka, ulamuliro wa tsiku ndi tsiku udagwera m'manja mwa chipani cholamula cha UNIP, chimene matcheyamani ake a nthambi ndi a zigawo ankagawa mapuloti, kuweruza milandu ya apabanja ndi kuyang'anira misika. Ngakhale ntchito yokonza George ndi Chawama, imene idayamba mu 1974 ndi ngongole ya World Bank, idadutsa m'manja mwa atsogoleri a chipaniwo. M'nthawi ya chipani chimodzi, achinyamata a UNIP ankaima pa zipata za misika ndi pa masiteshoni a basi kufunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. Chipani chimodzi chidatha mu 1991, koma chizolowezi chakuti msika ndi siteshoni ndi munda wa chipani cholamula chidatsala, n'kumangosintha mtundu wa malaya.

Anyamata amenewa ndiwo amatchedwa makada m'chilankhulo cha mu Lusaka, ndipo liwulo, limene poyamba linkatanthauza membala wokhulupirika wa chipani, lidafika pomatanthauza munthu wolandira ndalama kuti aopseze, amenye kapena atolere msonkho wosalembedwa. Chisankho chapadera cha ku Chawama mu 2001 chimakumbukiridwa mpaka lero chifukwa cha zikwanje zimene zidatuluka poyera pakati pa otsatira MMD ndi otsutsa boma, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chikwanje, chimene ambiri mu Lusaka amachitcha panga, chidasanduka chida chodziwika cha ndale za m'makomboni. Zifukwa zake nzoonekeratu, pakuti chikwanje chimagulidwa pa msika uliwonse pa mtengo wochepa, sichifuna laisensi, chimabisika mu jekete kapena pansi pa mpando wa minibasi, ndipo wogwidwa nacho akhoza kunena kuti amapita kukasenga udzu. Pambali pa chikwanje pamabwera legeni, miyala, zitsulo ndi nkhwangwa. Mfuti yeniyeni idakhala ya ochepa, makamaka atsogoleri a magulu ndi anthu a ndalama oyandikana ndi akuluakulu a zipani, ndipo kuchepa kwakeko ndiko kudaipatsa mphamvu yaikulu ngati chithunzi.

M'zaka za ulamuliro wa PF, kuyambira 2011 mpaka 2021, makamaka chakumapeto kwake, maonekedwe a kada adafika pofanana kwambiri ndi a msilikali. Munthu woima pa mphambano ya msewu tsiku la msonkhano ankaona galimoto zotsegula kumbuyo, zina zopanda manambala, zitadzaza anyamata ovala mabuluku a mawangamawanga achisilikali, majombo akuda omangidwa mpaka m'miyendo, mabereti opendekeka, magalasi akuda, ndipo ena atavala zovala za pachifuwa zonga zotchinga zipolopolo, ena ataphimba nkhope kusiya maso okha, sikipa yobiriwira ya chipani ikuonekera mkati. Mtsogoleri wa gulu ankatchedwa komanda, malo osonkhanira ankatchedwa ngati kampu, ndipo gulu lonse linkadzitcha achitetezo a chipani. Mbali ya UPND nayonso inali ndi anyamata ake a mabereti ofiira ndi maovolosi ofiira, amene ankati akuteteza mtsogoleri wawo ndi mavoti awo popeza apolisi sankawateteza. Zambiri mwa zovalazi zinkachokera m'mabelo a salaula, zovala zakaunjika, koma amene ankaziona patali sakadatha kusiyanitsa kada ndi msilikali wa boma, ndipo kusokonezekako ndiko kunali cholinga chenicheni cha wovalayo.

Foni ya m'manja idakuza zimenezi kuposa mmene msonkhano uliwonse ukadachitira. Chithunzi cha mnyamata atakhala pa boneti ya galimoto, mfuti yaing'ono itatsomekedwa m'lamba pamalo pooneka, mpukutu wa ndalama uli m'dzanja, chimatha kuzungulira magulu a WhatsApp a komboni yonse usiku umodzi, ndipo wochiona safunsa ngati mfutiyo ili ndi laisensi, ngati ili ndi zipolopolo, kapena ngati ndi yeniyeni n'komwe. Chimene amawerenga m'chithunzicho n'chakuti mnyamatayo waonetsa poyera chinthu chimene munthu wina aliyense akadamangidwa nacho, ndipo kwacha ali mfulu. Apa ndiye pagona kusiyana kwa Lusaka ndi America: wandale wa ku America amanyamula mfuti pofuna kunena kuti lamulo lili kumbali ya aliyense wofuna chida, pamene kada wa mu komboni amaionetsa pofuna kunena kuti lamulo silimukhudza iye, ngakhale limakhudza ena onse. Chithunzi chotero sichipempha voti ayi, chimalengeza mwini dera, ndipo chimauza wa chipani china kuti avule sikipa yake asanatsike basi.

Kuopsezaku kunali ndi phindu la ndalama lowerengeka tsiku ndi tsiku, ndipo ndi phindulo limene linkakopa anyamata osowa ntchito. Ngakhale lamulo la Markets and Bus Stations Act la 2007 lidaika misika ndi masiteshoni m'manja mwa makhonsolo ndi mabodi ake, pa Intercity, Kulima Tower, City Market ndi Soweto makada ndiwo ankatolera ndalama kwa madalaivala, makondakitala ndi amayi a malonda, ndipo m'mphepete mwa makomboni ankagawa ndi kugulitsa mapuloti pa malo a eni ake. Dalaivala wa minibasi ya ku Matero kapena ku George ankadziwa kuti asanakweze munthu woyamba ayenera kupereka ya anyamata, yopanda lisiti, ndipo wokana ankachotsedwa pa mzere. Mantha ndiwo anali katundu wogulitsidwa pamenepa, ndipo bereti, jombo ndi mfuti ya m'lamba zinali zotsatsira malonda ake. Mmene zinthu zidafikira zidaoneka mu Julayi 2020, pamene gulu la makada a chipani cholamula lidalowa mu Lusaka Central Police Station n'kumenya apolisi ali pa ntchito, nkhani imene idadabwitsa dziko lonse chifukwa idaonetsa kuti ngakhale nyumba ya lamulo sinalinso yoopedwa.

Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti zipolopolo zimene zidapha anthu m'ndale za mu Lusaka m'zaka zimenezi kawirikawiri zidatuluka m'mfuti za boma. Pa 8 Julayi 2016, apolisi ataletsa msonkhano wa UPND umene udayenera kuchitikira ku Chawama, otsatira chipanicho adayamba kuguba, ndipo mtsikana wina wa chipanicho, Mapenzi Chibulo, adawomberedwa n'kufa. Tsiku lotsatira bungwe loyendetsa zisankho la Electoral Commission of Zambia lidaimitsa kampeni mu Lusaka ndi ku Namwala kwa masiku 10. Pa 23 Disembala 2020, mtsogoleri wa UPND Hakainde Hichilema ataitanidwa kukafunsidwa ku likulu la apolisi, anthu awiri adaphedwa ndi mfuti pafupi ndi malowo: Joseph Kaunda, wotsatira UPND, ndi Nsama Nsama Chipyoka, loya wa boma woimira milandu, amene sadali nawo m'khamulo n'komwe, ndipo pambuyo pake wapolisi wina adamangidwa pa mlanduwo. Zoterezi sizidayambe ndi PF, poti mu Ogasiti 1997, MMD ikulamula, mtsogoleri wakale wa dziko Kenneth Kaunda ndi wotsutsa boma mnzake Rodger Chongwe adavulazidwa pamene apolisi adawombera pobalalitsa msonkhano wa otsutsa ku Kabwe. Motero munthu wa mu komboni adaphunzira kuti yunifolomu yeniyeni ndi yunifolomu yonamizira zikhoza kuima mbali imodzi, ndipo phunziro limeneli ndi limene lidaononga chikhulupiriro cha anthu mwa apolisi kuposa china chilichonse.

Kanyama, komboni yaikulu imene imamira m'madzi dzinja lililonse ndipo idazunzika kwambiri ndi kolera ya 2017 ndi 2018, ndiyo idaona mapeto a njira imeneyi. Kampeni ya 2021 inali itaipa kale, moti mu Juni bungwe la zisankho lidaimitsa kampeni za PF ndi UPND mu Lusaka, Mpulungu, Namwala ndi Nakonde chifukwa cha ziwawa, koma pa 30 Julayi anthu awiri otsatira PF adaphedwa ku Kanyama ndi zikwanje ndi zida zina, ndipo apolisi adati owaganizira anali makada a UPND. Pa 1 Ogasiti Pulezidenti Edgar Lungu, amene adasankhidwa kukhala phungu wa Chawama mu 2011, adalamula asilikali a nkhondo kuti athandize apolisi, kotero kuti masiku omaliza chisankho cha pa 12 Ogasiti chisanachitike, anthu adaona galimoto zankhondo ndi mfuti zazikulu m'misewu ya mzinda. Ena adapuma poona asilikaliwo, ena adati akuopsezedwa, koma onse adaona kuti masewera ovala chisilikali adaitana asilikali enieni. Imfa za ku Kanyama ziyenera kutchulidwa pamodzi ndi za otsatira UPND, chifukwa aliyense amene amalira maliro a chipani chake okha akuthandiza kukonza maliro otsatira.

Malamulo oletsa zonsezi alipo kale, ndipo ngomveka bwino. Malamulo a khalidwe la pa chisankho, amene ali m'kati mwa Electoral Process Act ya 2016, amaletsa munthu aliyense kunyamula kapena kuonetsa chida cha mtundu uliwonse, ngakhale chida cha makolo, pa msonkhano wa ndale kapena pa kuguba, ndipo mawu akuti kuonetsa ndi ofunika kuwasunga, chifukwa akusonyeza kuti olemba lamulolo adazindikira kuti chida chimagwira ntchito ngakhale chisanakhudze munthu. Lamulo la Public Order Act, lochokera kwa atsamunda mu 1955, limaletsa magulu okonzedwa ngati asilikali pofuna kukwaniritsa zolinga za ndale, koma maboma otsatizana adalikonda kwambiri pa ndime zake zolepheretsa misonkhano ya otsutsa, ngakhale khoti lalikulu lidathetsa zina mwa ndimezo mu 1996 pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake, ndipo ndime zokhudza magulu achisilikali zidagona tulo. Komiti yofufuza ziwawa za pa chisankho, imene Lungu adaikhazikitsa mu 2016 motsogozedwa ndi Jaji Munalula Lisimba, idamva maumboni m'dziko lonse, koma chisankho cha 2021 chidabwera ndi magazi ngati kuti palibe chidanenedwa.

Owerenga a ku Malawi sangaione nkhaniyi ngati yachilendo. Gulu la Malawi Young Pioneers lidali ndi yunifolomu, makampu ndi mfuti zake mpaka asilikali adalilanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, ndipo pa 19 Julayi 2011 anyamata onyamula zikwanje adazungulira mzinda wa Blantyre pa galimoto za chipani cholamula, kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero za pa 20 Julayi zichitike. Ku Blantyre monga ku Chawama, chikwanje chonoledwa pa phula anthu akuona chinali chikwangwani cha kampeni chimene palibe makina osindikizira akadachiposa, ndipo m'malo onse awiri atsogoleri adakana kuti anyamatawo ndi awo. Kukana kotero sikuyenera kulandiridwa, pakuti mnyamata wosowa ya ufa sagula yekha mafuta a galimoto, mowa wa gulu lonse ndi majombo ofanana, ndipo akale adanena kale kuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.

Hichilema atapambana ndi mavoti oposa 2.8 miliyoni, pamene Lungu adapeza oposa 1.8 miliyoni, n'kulumbiritsidwa pa National Heroes Stadium pa 24 Ogasiti 2021, adalengeza kuti makada achoke m'misika ndi m'masiteshoni, ndipo amalonda ambiri adaona kusintha, moti munthu adayamba kutha kudutsa pa siteshoni atavala sikipa ya chipani chilichonse. Ambiri amakhulupirira kuti kutopa ndi makada kudali chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene PF idagwera, ngakhale m'makomboni amene idali nawo ngati kwawo kuyambira nthawi ya Michael Sata, woyambitsa chipanicho, ndipo ngati zili choncho ndiye kuti ovota adachiwerenga bwino chithunzi cha chida n'kuchiyankha mwakachetechete m'chipinda chovotera. Komatu madandaulo akuti anyamata a chipani chatsopano cholamula ayamba kubwerera pa masiteshoni ena ndi kusokoneza misonkhano ya otsutsa adamvekanso m'zaka zotsatira, ndipo zimene zidabala makada, zomwe ndi ulova, ndalama za m'misika zopanda lisiti ndi apolisi oyang'ana nkhope ya chipani asanamange munthu, sizidachoke ndi chilengezo chimodzi.

Malamulo aakulu a Zambia amati chisankho chichitike Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Ogasiti pa zaka zisanu zilizonse, ndipo nyengo iliyonse ya kampeni imabweretsanso galimoto zodzaza anyamata m'misewu ya Kanyama, Matero ndi Chawama. Apolisi ndi bungwe la zisankho ali ndi mphamvu zonse zofunika kuti amange wa bereti yofiira ndi wa bereti yobiriwira mofanana, alande laisensi ya aliyense woonetsa mfuti pa msonkhano kapena pa Facebook, ndi kulanga wopikisana amene anyamata ake anyamula zikwanje, osadikira kuti mtembo upezeke kaye. Mipingo, makomiti a misika ndi mabungwe a madalaivala, amene amawadziwa anyamatawa ndi maina awo ndiponso amadziwa amene amawalipira, akane kulandira wandale aliyense wobwera ndi operekeza ovala chisilikali, ndipo ovota a m'makomboni amumane voti ngakhale atabwera ndi chitenje ndi thumba la ufa.